Soda Wophikira ndi Mpweya Wake: Zimene Mlangizi Ayenera Kudziwa

Mau Oyamba

M'makhitchini a ku Darlington, limodzi mwa madera okhalamo anthu mu mzinda wa Mutare kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, soda wophikira ndi chinthu chodziwika kwa aliyense, monganso momwe alili ku Sakubva, ku Dangamvura ndi m'midzi ya chigawo cha Manicaland. Mabanja olankhula Chishona amathira soda mu therere, limene iwo amati derere, ndi mu mkate wa chimanga wotchedwa chimodho. Mabanja amene makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, ku njanji ndi m'nyumba za azungu, makamaka m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, amamthira mu therere, mu nkhwani, mu chikondamoyo ndi mu zitumbuwa. Kumudzi ntchito yofewetsa ndiwo inali ya chidulo. M'tauni, mmene ambiri amaphikira magetsi, gasi kapena makala, phulusa loyenera chidulo silipezeka msanga, choncho soda wa m'sitolo analowa m'malo mwake.

Soda amagwira ntchito ziwiri zosiyana. Akakumana ndi chinthu chowawasa amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umafufumitsa zophika za ufa. Akasowa chinthu chowawasa amatsala m'chakudya ndi mphamvu yake yonse, nafewetsa masamba ndi kuononga ena mwa mavitamini. Mlangizi amene wamvetsa kusiyana kumeneku adzatha kulangiza mabanja moyenera, popanda kuletsa soda kotheratu ndiponso popanda kumulola paliponse.

Kodi Soda ndi Chiyani?

Akatswiri a sayansi amatchula soda wophikira kuti sodium bicarbonate, ndipo amamulemba mwachidule kuti NaHCO3. Zilembozi zikusonyeza kuti m'kachidutswa kalikonse ka soda muli sodiyamu, haidrojeni, kaboni ndi okosijeni. Kaboni ndi okosijeni ndiwo amapanga mpweya umene umatuluka, pamene sodiyamu amatsala m'chakudya nthawi zonse.

Zinthu zosungunuka m'madzi zimagawidwa m'magulu awiri otsutsana. Gulu loyamba ndi la asidi, monga madzi a mandimu, viniga, chambiko, bwemba ndi malambe. Gulu lachiwiri ndi la alikali, monga laimu, madzi a phulusa ndi sopo. Mphamvu zake zimayezedwa pa muyeso wa pH, umene umayambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi abwino ali pa 7. Pansi pa 7 pali asidi, pamwamba pa 7 pali alikali. Madzi a mandimu ali pafupi ndi 2, chambiko chili pakati pa 4 ndi 5, pamene madzi osungunuliramo soda ali pafupi ndi 8.3. Motero soda ndi alikali wofatsa.

Soda wambiri wa m'masitolo amapangidwa kuchokera ku mchere wina wotchedwa soda ash. Mcherewu umapangidwa m'mafakitale potsata njira imene Ernest Solvay wa ku Belgium anakonza m'zaka za m'ma 1860, yogwiritsa ntchito madzi a mchere ndi miyala ya laimu. Umatengedwanso m'nyanja zamchere, monga ku Lake Magadi ku Kenya ndi ku Sua Pan ku Botswana, kumene ntchitoyi inayamba mu 1991. Soda ash akasungunulidwa m'madzi nkupopedwamo mpweya wa kaboni dayokisaidi, soda wophikira amadikha pansi ngati ufa woyera. Choncho mpweya umene soda amatulutsa mu mphika ndi womwewo umene analandira popangidwa.

Njira Ziwiri Zotulutsira Mpweya

Njira yoyamba ndi ya asidi. Soda akakhudzana ndi asidi pali madzi, nthawi yomweyo amasweka nkusanduka zinthu zitatu: mpweya wa kaboni dayokisaidi, madzi, ndi mchere wa sodiyamu umene ulibe ukali. Magalamu 84 a soda amatulutsa magalamu 44 a mpweya, amene ndi malita pafupifupi 24 pa kutentha kwa m'nyumba kumadera otsika a m'mphepete mwa nyanja yaikulu. Sipuni yaing'ono ya tiyi yosadzaza mpaka msonga imatenga soda pafupifupi magalamu 5, ndipo soda ameneyu amatulutsa mpweya woposa lita imodzi. Pa njira imeneyi asidi ndi alikali amathetsana mphamvu, kotero kuti chakudya sichiwawasa ndiponso sichimveka soda.

Njira yachiwiri ndi ya moto. Soda wouma akatenthedwa kupitirira madigiri 80 amayamba kusweka yekha, ndipo m'madzi otentha amayamba kusweka ngakhale kutentha kusanafike pamenepo. Pa njira imeneyi zidutswa ziwiri za soda zimatulutsa chidutswa chimodzi chokha cha mpweya, ndiye kuti theka la mpweya umene ukadatuluka pakadakhala asidi. Chotsala ndi sodium carbonate, amene ndi soda ash yemwe uja, yemwenso anthu amachapira zovala. Iyeyu ndi alikali wamphamvu, wofika pafupi ndi 11 pa muyeso wa pH akakhala yekha m'madzi. Ndiye amene amachititsa kuti chigumu chimveke sopo m'kamwa, chiwawe, ndi kuoneka chachikasu chodera mkati.

Mfundo imeneyi ndiyo maziko a uphungu wonse wokhudza soda. Pamene pali asidi wokwanira, mpweya umachuluka ndipo alikali amatha. Pamene palibe asidi, mpweya umachepa ndipo alikali amakula mphamvu.

Mpweya wa Kaboni Dayokisaidi

Mpweya umenewu ndi womwewo umene anthu ndi ziweto amatulutsa popuma, umene umatuluka m'moto wa nkhuni, umene umachita thovu mu mowa ndi thobwa zikamasasa, ndiponso umene mbewu zimayamwa kudzera m'masamba popanga chakudya chake. Katswiri wa ku Scotland, Joseph Black, ndiye anaufufuza mwadongosolo m'zaka za m'ma 1750, ataona kuti miyala ya laimu ndi michere yofanana nayo imatulutsa mpweya ikatenthedwa kapena ikathiridwa asidi.

Mpweyawu ulibe mtundu, suyaka, ndipo umazimitsa moto. Ndi wolemera kuposa mpweya wamba pafupifupi kamodzi ndi theka, choncho umadikha pansi m'chotengera chosavundikira. Mu mlengalenga ndi wochepa kwambiri, pafupifupi magawo anayi pa magawo 10,000 alionse. Umene umatuluka mu mphika kapena mu chigumu sungapweteke munthu. Suyenera kusokonezedwa ndi kaboni monokisaidi, mpweya wakupha umene umatuluka m'mbaula ya makala yoyaka m'nyumba yotseka. Anthu ambiri amatchula mipweya yonse iwiri kuti mpweya woipa, kotero mlangizi ayenera kuisiyanitsa bwino pophunzitsa.

Mzinda wa Mutare uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,100 kuchokera pa nyanja yaikulu. Pamalo okwera chotere mpweya wa mlengalenga supanikiza kwambiri, motero mpweya wotuluka mu soda umatenga malo okulirapo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri poyerekeza ndi ku Beira. Kumadera okwera kwambiri monga Nyanga ndi Vumba kusiyanaku nkokulirapo. Wophika wa kumadera amenewa safuna soda wochuluka. Muyeso wochepa umakwanira.

Soda mu Zophika za Ufa

Pokanda ufa wa chikondamoyo, chimodho kapena zitumbuwa, timipata tating'ono ta mpweya timatsekeredwa mkati. Mpweya wochokera mu soda umalowa m'timipata timeneti nkutikulitsa. Moto ukayamba kugwira, mpweyawo umatukuka, nthunzi ya madzi nayo imaonjezera, mpaka ufa utapsa ndi kulimba uli wofufuma. Ufa wa tirigu uli ndi ulimbo wachilengedwe umene umagwira mpweya bwino. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo umenewu, nchifukwa chake chigumu cha mgaiwa wokha sichifufuma ngati buledi ngakhale soda atachuluka motani. Kuonjezera soda sikuthetsa vutoli, kumangoononga kukoma. Chothandiza ndicho kusakaniza ufa wa tirigu pang'ono, dzira kapena nthochi zakupsa.

Asidi woyenera amapezeka pafupi. Chambiko, chimene Ashona amati mukaka wakakora, chili ndi asidi wa mkaka. Mandimu, bwemba ndi ufa wa malambe, amene amapezeka kumadera otentha a m'chigwa cha Save monga Nyanyadzi ndi Birchenough Bridge, ali ndi asidi wa zipatso. Muyeso umene ophika ambiri amatsata ndi theka la sipuni yaing'ono ya soda pa kapu imodzi ya chambiko, zimene zimakwanira makapu awiri a ufa. Soda asakanizidwe bwino ndi ufa wouma poyamba, kenaka nkuthira zamadzi. Zikatero ufawo uikidwe pamoto msanga, pakuti mpweya umayamba kutuluka pomwepo ndipo ukathawa subwereranso.

Baking powder ndi wosiyana ndi soda. Iye ndi soda wosakanizidwa kale ndi asidi wouma ndiponso ufa wosalala woteteza chinyontho. Alfred Bird wa ku Birmingham ku England anakonza msanganizo wotere mu 1843. Popeza asidi ali momwemo, baking powder safuna chambiko kapena mandimu, koma mphamvu yake ndi yochepa katatu kapena kanayi poyerekeza ndi soda. Wophika akathira soda pa muyeso wa baking powder, chakudya chimawawa. Yisiti nayo imatulutsa mpweya womwewu, koma iyo ndi yamoyo: imadya shuga ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, motero imafuna nthawi ndi malo ofunda.

Soda mu Ndiwo Zamasamba

Soda akathiridwa mu mphika wa therere kapena nkhwani, thovu limakwera msanga. Thovu limeneli ndi mpweya wotuluka pamene soda wakumana ndi asidi wochepa wa m'masamba ndi madzi otentha. Mpweyawo umangouluka, mu ndiwo ulibe ntchito. Chimene chimasintha ndiwo ndi alikali wotsala, ndipo amachita zinthu zitatu.

Choyamba, amafewetsa masamba. Tizigawo ta tsamba timalumikizidwa ndi ulimbo wotchedwa pectin, umene umasweka msanga mu alikali wotentha. Motero masamba okhwima kapena aubweya, monga nkhwani, khwanya, chitambe ndi mfutso, amapsa nthawi yochepa, ndipo therere lobala, denje ndi chewe zimalenda bwino.

Chachiwiri, amasunga kubiriwira. Chimene chimabiriwitsa tsamba chili ndi kachidutswa ka maginiziyamu pakati pake. Asidi wotentha amachotsa kachidutswaka, ndipo ndiwo zimafwifwa nkuoneka zodera. Alikali amaletsa zimenezi. Ichi nchifukwa chake ndiwo zothira soda zimakopa maso, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti kubiriwira kumeneku ndi chizindikiro chakuti zakudya zofunika m'thupi zasungika. Maganizo amenewa ndi olakwa.

Chachitatu, amaononga mavitamini ena. Vitamini C amaonongeka msanga mu alikali, makamaka pali kutentha ndi mpweya. Vitamini B1 nayenso sapirira alikali, ndipo vitamini B2 amachepa. Masamba akafewa kwambiri, mavitamini otsala amatulukira m'madzi, ndipo madziwo akatayidwa amapita nawo. Vitamini C ndi wofunika pa nkhama, pa khungu ndi pa kupola kwa zilonda. Amathandizanso thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba, mu nyemba ndi mu nsima. Banja limene ndiwo zake za tsiku ndi tsiku ndi masamba othira soda, losadya zipatso kawirikawiri, limataya chitetezo china ku vuto la kuchepa kwa magazi, limene limagwira kwambiri amayi oyembekezera ndi ana aang'ono.

Sikuti zonse zimaonongeka. Ayironi ndi kashiamu ndi michere ya m'nthaka imene soda sangaiphwanye, ndipo chimene thupi limapangira vitamini A chimapirira alikali kuposa vitamini C. Ndiwo zothira soda zikadali chakudya, koma ndi chakudya chimene chataya gawo la phindu lake.

Chidulo ndi Soda

Chidulo chimapangidwa potentha zitsononkho, makoko a nyemba, makoko a nthochi kapena mapesi ena, kuika phulusalo m'chotengera choboola pansi, ndi kuthira madzi kuti adonthe pang'onopang'ono. Jessie Williamson, amene anagwira nawo ntchito ya kafukufuku wa kadyedwe ku Nyasaland kuyambira mu 1938, anafotokoza kaphikidwe ka masamba ndi madzi a phulusa m'buku lake la Useful Plants of Nyasaland la mu 1955. Chidulo, tsono, ndi luso lakale la makolo, lokhala ndi chifukwa chake: linkathandiza kuti masamba olimba a m'tchire ndi mfutso wa m'chilimwe zidyeke.

Mphamvu ya chidulo imachokera makamaka ku potassium carbonate, mbale wake wa soda ash. Chidulo chokhathamira ndi alikali wamphamvu kuposa soda, ndipo chikathiridwa mandimu chimachita thovu la mpweya womwe uja. Pa nkhani ya mavitamini, chidulo ndi soda zimaononga mofanana. Palibe chimene chili chabwino chifukwa chongokhala chachilengedwe. Kusiyana kwake kuli pa mchere umene zimasiya m'chakudya. Chidulo chimasiya potaziyamu wambiri, pamene soda amasiya sodiyamu.

Kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa soda ndi sodiyamu. Sipuni yaing'ono imodzi ili ndi sodiyamu pafupifupi magalamu 1.3. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 2 a sodiyamu pa tsiku, amene ndi ofanana ndi magalamu 5 a mchere wa patebulo. Popeza soda samveka mchere kwenikweni, wophika amathiranso mchere pamwamba pake, ndipo sodiyamu amachuluka banja lisakudziwa. Pa nyumba imene pali wodwala matenda a kuthamanga kwa magazi, a mtima kapena a impso, nkhani imeneyi ndi yofunika kuitchula.

Nyemba Zouma ndi Vuto la Nkhuni

Nyemba zosungidwa miyezi yambiri pamalo otentha ndi achinyontho zimalimba, ndipo zimatha kukhala pamoto maola ambiri osapsa. Ku Mutare madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96 m'malo mwa 100 chifukwa cha kukwera kwa malo, ndipo izi zimachedwetsanso kupsa. Mayi amene akugula makala kapena kulipira magetsi ali ndi chifukwa chomveka chothirira soda mu nyemba. Kumuletsa popanda kumupatsa njira ina nkungotaya mau.

Njira yoyenera kuphunzitsa ndi yoviika. Nyemba zisankhidwe, zitsukidwe, ndi kuviikidwa m'madzi usiku wonse. Kuviika kokha kumachepetsa nthawi yophika. Ngati nyembazo ndi zolimba kwambiri, soda wochepa, wosaposa sipuni yaing'ono imodzi pa lita imodzi ya madzi, athiridwe m'madzi oviikirawo. M'mawa madziwo atayidwe, nyemba zitsukidwe bwino, ndi kuphikidwa m'madzi atsopano opanda soda. Mwa njira imeneyi khungu la nyemba limafewa, koma alikali sakhala mu mphika nthawi yonse yophika, choncho vitamini B1 wambiri amapulumuka. Tomato athiridwe nyemba zitafewa kale, pakuti asidi wake amalimbitsa khungu. Kumene alimi akulima nyemba zokhala ndi ayironi wambiri monga NUA45, mlangizi awakumbutse kuti ayironiyo amayamwidwa bwino akadyedwa pamodzi ndi tomato, mandimu, gwafa kapena chipatso china chokhala ndi vitamini C.

Soda M'mimba mwa Munthu ndi Chiweto

Anthu ena amamwa soda wosungunula m'madzi akamva kutentha pamtima. M'mimba muli asidi wamphamvu, ndipo soda akafika amathetsa asidiyo ndi kutulutsa mpweya. Nchifukwa chake munthu amageya atangomwa. Mpumulo wake ndi wa kanthawi. Kumwa soda wambiri m'mimba mutadzaza chakudya nkoopsa, chifukwa mpweya woposa lita imodzi ungathe kutuluka mwadzidzidzi pamalo opanikizika kale. Soda sayenera kumwetsedwa ana, amayi oyembekezera kapena odwala kuthamanga kwa magazi popanda uphungu wa achipatala. Kutentha pamtima kobwerabwera ndi nkhani ya kuchipatala.

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimapanga soda wakewake m'malovu, ndipo pobzikula zimameza malovuwo kuti achepetse asidi m'chifu chachikulu. Chiweto chikadya chimanga, madeya kapena zotsala za nsima zochuluka nthawi imodzi, asidi amachuluka kuposa mmene malovu angathetsere, ndipo chimadwala. Pa chifukwa chimenechi alimi a ng'ombe za mkaka amasakaniza soda pang'ono mu chakudya cha ng'ombe zodya zakudya zaufa zambiri. Koma chiweto chimene chatupa kale mimba chili ndi mpweya wosatuluka, ndipo kuchimwetsa soda mwachisawawa kungaonjezere mpweyawo. Pamenepa pafunika mlangizi wa ziweto kapena dokotala wa ziweto mwamsanga.

M'dimba, soda wosungunula pang'ono m'madzi amachepetsa chuku choyera ngati ufa chimene chimagwira masamba a maungu ndi nkhaka, chifukwa chukucho sichikula bwino pa tsamba la alikali. Akachuluka amawaula masamba, ndipo akathiridwa kawirikawiri sodiyamu amaunjikana m'nthaka nkuiumitsa. Soda sangalowe m'malo mwa laimu pochepetsa asidi wa m'munda.

Masoda Atatu Osayenera Kusokonezedwa

Dzina lakuti soda limatchulidwa pa zinthu zitatu zoyera zofanana maonekedwe. Woyamba ndi soda wophikira. Wachiwiri ndi soda wochapira, amene ndi sodium carbonate. Amayabwa pa khungu ndipo sayenera kuthiridwa m'chakudya. Wachitatu ndi caustic soda, amene magulu ambiri a amayi amapangira sopo. Ameneyu amaotcha khungu, amachititsa khungu akalowa m'maso, ndipo akamezedwa amaononga kummero. Viniga akathiridwa pa soda wophikira thovu limakwera pomwepo, koma kuyesa kotere sikokwanira kusiyanitsa ufa wosadziwika, pakuti soda wochapira nayenso amachita thovu. Ufa woyera wogulidwa m'kapepala kopanda dzina usathiridwe m'chakudya. Caustic soda asungidwe m'chotengera cholembedwa dzina, kutali ndi khitchini ndi kumene ana angafike. Munthu akamumeza asakakamizidwe kusanza; atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo.

Zionetsero Zitatu za Pamsonkhano

Alimi amakhulupirira chimene aona ndi maso. Zionetsero izi zimafuna zipangizo zopezeka pa msika uliwonse, monga wa Sakubva.

Choyamba ndi cha baluni. Mlangizi athire viniga kapena madzi a mandimu theka la kapu m'botolo limodzi, ndi madzi wamba theka la kapu m'botolo lina. Aike sipuni yaing'ono ya soda mu baluni iliyonse, amange baluni pakamwa pa botolo, nkuimika kuti soda agwere mkati. Baluni ya pa botolo la asidi idzafufuma, ya pa madzi wamba idzakhala chigonere. Botolo lisatsekedwe ndi chitsekerero cholimba, chifukwa lingaphulike.

Chachiwiri ndi cha kandulo. Soda ndi viniga zisakanizidwe mu jagi yaitali. Thovu likatsika, jagiyo ipendekedwe pang'onopang'ono pamwamba pa kandulo yoyaka, popanda kutaya madzi. Kandulo idzazima, kusonyeza kuti mpweyawo ndi wolemera ndipo sugwirizana ndi moto.

Chachitatu ndi cha mtundu. Madzi ophikiramo kabichi wofiirira agawidwe m'matambula atatu. Mu loyamba muthiridwe mandimu, ndipo madzi adzafiira. Mu lachiwiri muthiridwe soda, ndipo adzasanduka abuluu. Mu lachitatu muthiridwe chidulo, ndipo adzapita ku mtundu wobiriwira. Kenaka mandimu athiridwe pang'onopang'ono mu tambula ya soda: thovu lidzakwera ndipo mtundu udzabwerera. Apa alimi amaona okha kuti mpweya ukamatuluka chifukwa cha asidi, mphamvu ya alikali imakhala ikutha.

Uphungu Woyenera Kufikitsa ku Mabanja

Mu zophika za ufa, soda ayende ndi chinthu chowawasa, pa muyeso wochepa, ndipo ufa uikidwe pamoto msanga.

Masamba anthete monga bonongwe, mpiru, repu, kholowa ndi chisoso safuna soda. Atsukidwe asanadulidwe, aikidwe m'madzi ochepa owira kale, aphikidwe nthawi yochepa, ndipo msuzi wake usatayidwe. Nkhwani athyoledwe akali anthete ndi kusadzulidwa bwino. Nsinjiro kapena mafuta pang'ono zimathandiza thupi kupindula ndi vitamini A.

Chigwada chisinjidwe bwino ndi kuwiritsidwa mokwanira mphika uli wosavundikira. Soda angachifewetse msanga, koma kufewa sikutanthauza kuti ululu wa m'masamba a chinangwa watha.

Therere ndi chakudya cha makolo, ndipo ambiri salikonda lopanda soda kapena chidulo. Apa uphungu ukhale wochepetsa: kansonga ka sipuni pa mphika wa banja, kuphika kwa mphindi zochepa, ndi kusinthasintha ndi ndiwo zina m'kati mwa sabata. Tsiku la therere banja lidye chipatso monga gwafa, papaya, mango, lalanje kapena malambe kuti libwezere vitamini C.

Phala ndi ndiwo za ana aang'ono zisathiridwe soda.

Soda asungidwe m'chotengera chotseka pamalo ouma. Wofuna kudziwa ngati akadali ndi mphamvu athire pang'ono mu viniga kapena mandimu. Thovu likachedwa kapena kuchepa, soda ameneyo sangafufumitse chigumu.

Mau Omaliza

Mlangizi akafika pa khomo, funso lothandiza si lakuti banja limagwiritsa ntchito soda kapena ayi, koma lakuti limamthira mu chiyani, wochuluka bwanji, ndiponso kangati pa sabata. Mayankho a mafunso amenewa ndi amene adzasonyeza ngati pakufunika kukonza muyeso wa chigumu, kusintha kaphikidwe ka masamba, kuphunzitsa kuviika nyemba, kapena kutumiza wodwala kuchipatala. Alangizi a zaulimi ayenera kugwirizana ndi anzawo a za kadyedwe, a zaumoyo ndi a ziweto m'dera lawo, kuti mabanja amve uthenga umodzi kuchokera kwa onse.